Tsiku Limene Tinaika a Nazidole

Ndinadzuka tambala asanalire. Kunena zoona sikunali kugona kwenikweni. Ndinangotsamira khoma pafupi ndi bokosi la amayi, nditafunda chitenje mpaka kumutu, tulo nkundiba pang'ono. Chimene chinandidzutsa ndi kuzizira. Munali mu Juni, ndipo nyengo imeneyo mphepo ya kuno ku Nambuma imalowera pansi pa chitseko nkukaluma zala zakumiyendo.

Nditakweza nyali ndinawerenga anthu amene anali m'nyumbamo. Analipo amayi asanu ndi awiri. Anayi anali a kumpingo kwathu, atatu anali akazi a matenanti a ku esiteti kumene malemu bambo anga ankalima fodya. Anayesetsa kuimba kuyambira madzulo, koma anthu akachepa nyimbo sichedwa kutha, chifukwa woyambitsa akatopa palibe womulandira. Panja, pansi pa chigafa chopanda fodya, panali moto umodzi ndi amuna osakwana khumi. Amene anagonapo pa siwa kuno akudziwa kuti ulemu wa womwalira umaonekera pa kuchuluka kwa moto. Wathu unali umodzi, ndipo unali kuzilala.

Chifukwa chake ndinkachidziwa.

Ife si akuno. Makolo anga anachokera ku Phalombe ine ndili kumsana, kudzagwira utenanti. Bambo atamwalira, amayi sanafune kubwerera. Anapempha kamalo kumapeto kwa mudzi, anamanga nyumba ya zipinda ziwiri, nayamba kusokera anthu zigamba pamanja. Zidole zinabadwira pa zidutswa zotsala. Choyamba anasokera ine, nditagonekedwa m'chipatala ndili ndi zaka zisanu, chifukwa ndinkaopa jakisoni. Ana ena a m'wodimo atachiona anayamba kulira kuti nawonso akufuna, ndipo amayi anabwerako kuchipatalako chitenje chawo chitatsala theka.

Sankasoka zotengera za m'sitolo. Zidole zawo zinali anthu ochokera m'mutu mwawo, aliyense ndi dzina lake ndi khalidwe lake. Kunali Namakutu, kanthu kosadziwika ngati nkanyama kapena nkamunthu, ka makutu aatali, lina lofiira lina lobiriwira, kamene amayi ankati kamamva mwana akulira ngakhale ali kutsidya kwa dambo. Kunali Mlonda Wamantha, wa chibonga chachikulu ndi chipewa chogwera m'maso, amene ankathawa akamva chule. Kunalinso Nankhwiya, mtsikana wotupitsa masaya, wokwiya ndi aliyense, koma wosadya chimanga chake chokazinga osagawirako anzake. Amayi ankajambula ndi khala pa katoni, nkudula, nkuyala pa nsalu. Ankakonda mabulangete a ana ndi majuzi ofewa a pa kaunjika. Ankasokera kunsi kwa nsalu, nkusiya kabowo m'mbali, nkutembenuza ndi kamtengo, kenako nkumalonga thonje pang'onopang'ono mpaka mimba itakhuta. Maso ankachita kusoka ndi ulusi wakuda. Mabatani sankawafuna, ati khanda lingameze. Ndi ntchito imeneyi dzina lawo lakuti Esitere linaiwalika, anthu nkumangoti a Nazidole.

Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo mwana wina wa m'mudzi muno, dzina lake Limbani, anamwalira atakumbatira Namakutu. Maliro ake asanathe nkomwe, mawu anali atayamba kale kuyenda akuti mlendo uja amasokera mizimu ya ana m'zidole. Patapita masiku anthu anasonkhanitsa zidole zonse za m'mudzimo, ndi zimene zinali m'nyumba mwathu, nkukazitentha pa mphambano. Amayi anaima pakhonde nkumayang'ana utsi. Sanalire, sanayankhe munthu. Kuyambira pamenepo akafika pa mjigo amayi anzawo ankasuntha ndowa. Ine ndinawachonderera kuti aleke. Anangoti singano sinalakwe, ndipo mawa lake anayambanso kudula katoni. Chimene anasiya ndi kupatsa ana a m'mudzi. Ankalonga zidole m'chikwama nkupita nazo kutali, kuzipatala, kusikelo ya ana, kumasukulu a mkaka a kwa Kabudula ndi ku Nsaru. Ine ndinakwatiwa ku Msundwe, ndipo ndivomere pano kuti kumeneko sindinauzepo munthu ntchito yeniyeni ya amayi anga. Ndinkangoti amasoka zigamba.

Tsopano anali gone m'bokosi, chibayo chitawatenga m'masiku anayi okha, ndipo ine ndinali kuwerenga anthu.

Kutangoyamba kuyera kum'mawa amalume anandiitanira kuseri kwa nyumba. Ndi alongo awo a amayi, ndipo anali atafika dzulo lake kuchokera ku Phalombe. Nkhani ya zidole anaimvera pamoto paja kwa matenanti. Anandiuza motsitsa mawu kuti malo kumanda anatipatsa, inde, koma mpaka nthawi imeneyo panalibe mdzukulu wokumba manda ndi mmodzi yemwe amene anali atabwera kudzatenga muyeso wa bokosi. Ankaopa kuti dzuwa lifika paliwombo manda asanakumbidwe, ife nkuchita manyazi ndi maliro m'nyumba. Anafunsa ngati zidole zina zilipo. Ndinati lilipo thumba lathunthu kunsi kwa bedi.

"Katenthe, Fanesi, anthu asanadzuke," anatero. "Aone phulusa, adziwe kuti zapita ndi mwini wake. Ife chathu nkuika mlongo wanga mwaulemu."

Amalume si munthu wouma mtima. Anali mlendo pamudzi wa eni, ndipo ankaona zimene inenso ndinkaona. Ndinakoka thumba lija, ndinatenga machesi, ndinapita kudzala kuseri kwa nthochi. Udzu unali wonyowa ndi mame, nkhungu itaphimba dambo lonse. Nditamasula thumbalo, pamwamba penipeni panali Mlonda Wamantha. Malaya ake ndinawazindikira. Anali a chitenje chimene ndinawagulira amayi pa Khirisimasi, chimene anandiuza kuti akuchisunga kuti azidzavala kutchalitchi. Ndinapezeka ndikuseka ndekha kudzalako, misozi ikutsika. Ndinayatsa machesi kamodzi, mphepo nkuzimitsa. Kachiwiri sindinayatse. Ndinamanganso thumbalo nkukaliponya m'nkhokwe, pamwamba pa chimanga.

Nditabwerera ndinawauza amalume kuti sindinatenthe ndipo sinditentha. Ndinati ngati adzukulu sabwera, ine ndi amuna anga tikakumba tokha. Amalume anapukusa mutu, nabwerera ku chigafa.

Dzuwa lisanatuluke tinamva kulira kwa zitsulo kunjira yochokera m'mudzi. Anali makasu ndi mapiki akugundana pamapewa. Amuna anatulukira m'nkhungu muja mmodzimmodzi, ndipo nditafika pa makumi awiri ndinaleka kuwerenga. Patsogolo panali mkulu wa adzukulu, bambo a imvi amene zaka zonsezi ankadutsa pakhomo pathu osapereka moni. Anavula chipewa, ananjuta pakhomo, napempha bango loti ayezere bokosi. Atayeza sanachoke msanga. Anauza amalume, ine ndikumva, kuti tsiku lotentha zidole lija iwo ndi amene analanda mwana wawo wamkazi Nankhwiya wake nkukamuponya pamoto, ndipo mwanayo analira mpaka mawu kusasa. Tsopano ndi mphunzitsi ku Namitete, ndipo dzulo lake anali atawaimbira foni.

"Wandiuza kuti ndikapanda kukumba manda a mayi awa, asadzandionenso pakhomo pake," anatero. "Koma ngakhale akanapanda kuimba, ine ndikanabwera. Chinthu chija chakhala chikundilemera."

Anatenga bango lawo, navala chipewa, natsogolera anzawo kumanda.

Adzukulu atangopita, amayi a m'mudzi anayamba kufika. Sanabwere pamodzi. Woyamba anabwera yekha ndi mtolo wa nkhuni, anautula osayang'ana munthu, nalowa m'nyumba kukalira. Wachiwiri anabwera ndi beseni la ufa. Kenako anabwera awiri, kenako asanu, ngati mmene mbuzi zimatulukira m'khola imodzi ikalimba mtima. Ena ndinawazindikira kuti ndi aja ankasuntha ndowa. Anangomanga zitenje m'chiuno nkuyamba kufunafuna njerwa zoti zikhale mafuwa. Pofika nthawi imene ana amapita kusukulu, kuseri kwa nyumba kunali moto malo asanu ndi amodzi. Nyemba zinali kuwira m'migolo yodula pakati, ena akudula kabichi m'malichero, ena ali piringupiringu pakati pa mjigo ndi kophikira. Mwini munda woyandikana ndi wathu, amene anakanganapo ndi amayi za malire, anabwera akukoka mbuzi, naimangirira pa mtengo wa mango, osanena kuti ndi yake.

Ine ndinkayesa kuti zathera pomwepo, ndipo ndinali nditakhutira. Ndinati bola amayi aikidwa ngati munthu.

Cha m'ma naini nkhungu inabalalika, dzuwa linawala, kumwamba kuli mbee. Ndipo kumsewu wafumbi wochokera ku Nsaru kunatulukira lole yodzaza ndi amayi. Inaima pa mphambano, chifukwa njira ya kwathu ndi yopapatiza. Anatsika akuimba. Atayandikira ndinaona kuti pafupifupi aliyense wanyamula kanthu m'manja, ena atakabereka kumsana limodzi ndi mwana. Zinali zidole za amayi.

Amene ankawatsogolera anali namwino wina wojintcha amene ndinali ndisanamuonepo. Anandikumbatira ngati m'bale wake. Anandiuza kuti kwa zaka zambiri amayi ankafika ku wodi ya ana mwezi ndi mwezi, nkumayenda bedi ndi bedi kufunsa mwana aliyense chimene akuopa. Woopa mdima ankamupatsa Namakutu. Woopa jakisoni ankamupatsa Mlonda Wamantha, ati amantha awiri akakumana mmodzi amalimba mtima. Wokana mankhwala ankamupatsa Nankhwiya kuti azikwiya limodzi. Atamva za imfayo, namwinoyo anangoika chithunzi cha amayi pa gulu la pafoni la amayi a kusikelo, nalemba tsiku ndi mudzi. Sanauze munthu kuti abwere ndi chidole. Aliyense anangoganiza payekha.

Pambuyo pa lole kunabwera ngolo ziwiri kuchokera kwa Kabudula. Kunabwera a kabaza, a njinga zamoto ndi zakapalasa omwe, akutsitsa anthu nkubwereranso kukatenga ena. Kunabwera aphunzitsi a masukulu a mkaka. Kunabwera matenanti a m'maesiteti ena, ambiri olankhula Chilomwe, amene anapita molunjika kukakhala ndi amalume. Amayi ena anati achokera ku Chitukula, kufupi ndi bwalo la ndege, ndipo anaunyamuka ulendo kusanache. Ophika aja anayang'anana, natumiza anthu kukabwereka migolo ina. Pansi pa chigafa panadzaza, pansi pa mango panadzaza, anthu nkuyamba kukhala m'munda mwathu pa mapesi.

Ndinkayenda pakati pawo ndikulandira mawu opepesa, koma maso anga anali pa zidolezo. Zina zinali zatsopano. Zina zinali zitada bii ndi kugwiridwa, tsitsi litathothoka, khutu litasokedwanso ndi ulusi wa thumba la feteleza. Bambo wina wandevu, woyendetsa njinga yamoto, anali atamangirira Mlonda Wamantha pa chiwongolero. Anati anamulandira ali mwana atathyoka mwendo, ndipo chiyambireni kabaza sanayendepo popanda iye. Mayi wina anandionetsa chidole chimene ndinali ndisanachionepo, cha mwendo umodzi ndi ndodo yoyendera. Amayi anachisokera mwana wake yekhayo madokotala atamudula mwendo, nachipatsa dzina lakuti Msangamsanga. Mwanayo anali pomwepo, mtsikana wamsinkhu, ataima ndi ndodo zake, ndipo anandiuza yekha kuti ndi amene amagoletsa pa mpira wamanja kusukulu kwawo. Apa ndi pamene ndinazindikira kuti amayi anga anali ndi mudzi wina waukulu umene ine mwana wawo sindinkaudziwa.

Koma si onse amene anamasuka. Anthu a m'mudzi mwathu anakhala mbali yawo, akuyang'ana zidolezo cham'mbali. Ndinamva akuluakulu ena akunong'onezana kuti zinthu zimenezi sizinkayenera kufika pamaliro. Ndinaona kamwana kena katatambasula dzanja kuti kagwire khutu la Namakutu wa mlendo, mayi wake nkukamenya padzanjapo, nakakokera pamiyendo pake. Anali atabwera kudzaika maliro, koma mantha aja anabwera nawo.

Dzuwa litapendeka pang'ono uthenga unabwera wakuti kumanda kwatheka. Anthu atadya, bokosi linatulutsidwa nkuikidwa pa mipando iwiri pansi pa mango. Amalume analankhula mbiri ya amayi mwachidule: kumene anabadwira, mmene anabwerera kuno, matenda amene anawatenga. Za zidole sanatchule. Woimira mfumu anathokoza anthu chifukwa chobwera mwaunyinji, nayenso za zidole sanatchule. Mkulu wa mpingo anali akutsegula Baibulo pamene mayi wina anaimirira pakati pa amayi a m'mudzi. Anali make Limbani. Chiyambireni m'mawa ndinali ndisanamuone. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pakati pa bwalo, nagwada moyang'ana bokosi.

"Sindili pa ndandanda wa olankhula, mundikhululukire," anatero. "Mwana wanga anafa ndi malungo. Tinakhala naye pakhomo masiku atatu, ine ndi bambo ake tikuti mwina adzuka bwino. A Nazidole ndi amene anabwera kudzatiuza kuti mwanayu mukumutaya. Ndi amene anamubereka mpaka kumsewu. Chidole anamupatsa panjira kuti aleke kulira, ndipo analekadi. Anthu atayamba kunena zija ine ndinakhala chete, chifukwa zinkandipepukira kuti mlandu ukhale wa wina. Ndakhala chete zaka khumi ndi ziwiri. Ankandipatsa moni pa mjigo, ine nkumayang'ana kumbali."

Anamasula mfundo ya chitenje chake, natulutsa Namakutu wamng'ono, makutu ake atasuluka. Anati chimene anthu ankachifunitsitsa kuti chipse chinali chimenechi, ndipo iye anawanamiza kuti anachitaya m'chimbudzi. Chinali pansi pa sutikesi yake zaka zonsezi. Anachikweza m'mwamba kuti onse achione, kenako anagwetsa nkhope pa bokosi nalira.

Amayi anali asanandiuzepo kuti ndiwo anabereka mwanayo. Tsiku la moto lija akanatha kunena, koma akanatero bwenzi atamuyalutsa mayi wofedwa pamaso pa mudzi wonse. Ndikhulupirira kuti ndi chifukwa chake anangoima pakhonde.

Kenako mayi wina wachikulire wa m'mudzi momwemo anaimba nthungululu. Kuno nthungululu sizimveka pamaliro a munthu wamba, ndipo ena anatembenuka kuti amuletse. Koma amayi a pa lole aja anazilandira, a pa ngolo nawonso, ndipo zidole zinakwera m'mwamba bwalo lonse, zofiira, zobiriwira, zakale, zatsopano. Mkulu wa mpingo anatseka Baibulo lake nadikira. Ine kuyambira tsiku limene amayi anamwalira ndinkangolira m'kati, ndikuyang'anira za ufa ndi nkhuni. Apa ndinalira mokweza ngati mwana.

Nditapeza mphamvu ndinaimirira nkulunjika kunkhokwe. Ndikulimbana ndi kutsitsa thumba lija ndinamva munthu akulilandira kumbuyo kwanga. Anali amalume. Analisenza paphewa okha, anadutsa nalo pakati pa anthu, nalimasula pafupi ndi bokosi. Anauza anthu kuti m'mawa uno iwo analamula kuti thumbali litenthedwe, koma mwana wa mlongo wawo anakana, ndipo anachita bwino kukana. Anati izi ndi zimene malemu asiya, ndipo ndi za ana a mudzi uno, amene akhala zaka zambiri osalandira.

Poyamba palibe anasuntha. Ndiye mkulu wa adzukulu uja, dothi lofiira lili mpaka m'maondo, anabwera, nawerama, nafufuza m'thumbamo mpaka atapeza Nankhwiya. Anamupukuta ndi dzanja nati uyu akupita ku Namitete. Anthu anaseka, ndipo kusekako kunamasula onse. Mayi uja anamenya mwana wake padzanja anamukankhira kutsogolo. Ana anathamangirana, amalume nkumagawa ngati akugawa masuwiti, akufunsa ine dzina la chidole chilichonse asanapereke. Ndinadabwa kuti maina onse ndinkawakumbukira. Thumba linatha ana ena asanalandire, ndipo aphunzitsi awiri a sukulu ya mkaka anandinong'oneza kuti ngati makatoni odulira aja alipo, ndisawataye. Ndinawauza kuti ali pamwamba pa kabati, adzabwere maliro akatha.

Ulaliki unali waufupi. Mkulu wa mpingo anati zambiri zimene anakonza zanenedwa kale.

Tinali titakonzeratu ngolo yoti inyamule bokosi, poganiza kuti mapewa achepa. Ngoloyo inanyamula nkhalamba. Bokosi linayenda pamapewa, ndipo amuna ankalandirana pakangopita mapazi ochepa, a m'mudzi, matenanti, a kabaza, aliyense akufuna kuti agwireko. Pofika pa mphambano onyamulawo anaima okha, popanda wowauza. Anaima kwa kanthawi, amuna onse atavula zipewa, kenako ulendo unapitirira. Ana saloledwa kumanda, choncho anandanda m'mbali mwa njira, m'mphepete mwa minda yokolola kale, aliyense atakweza chidole chake pamene bokosi linkadutsa. Fumbi linakwera mpaka m'mano. Mzere unatalika mwakuti kutsogolo ankaimba nyimbo ina, kumbuyo ina, ndipo amuna anga anandiuza pambuyo pake kuti bokosi linkalowa m'mitengo ya kumanda anthu ena asananyamuke pakhomo.

Manda anali okumbidwa bwino, akuya, m'mbali mosalala. Bokosi litatsitsidwa amayi ena a kutali anafuna kuponyamo zidole zawo. Ndinawapempha kuti asatero. Ndinati amayi ankadana ndi chidole chongokhala; ankati chosada ndi manja a mwana ndi nsalu chabe. Anamvera, nazibweza m'zitenje. Koma make Limbani anandiyandikira nandigwira mkono, nafunsa ngati chake chokha chingapite. Ndinavomera. Anachipereka kwa mdzukulu amene anali m'dzenjemo, mdzukuluyo nachiika pamwamba pa bokosi, chakumutu. Mayiyo anawerama m'mphepete mwa manda, nalankhula ndi amayi ngati akuwatuma kumsika.

"Mukampatse mwini wake," anatero.

Adzukulu anafotsera anthu akuimba. Nkhata zinali zochepa, chifukwa tinakonza zochepa, ndiye amayi anathyola maluwa achikasu a m'mbali mwa njira nkumaika mpaka dothi silinkaonekanso. Amalume anathokoza m'Chichewa, nathokozanso m'Chilomwe.

Pobwerera anthu anasamba m'manja pa ndowa zimene zinaikidwa panjira, nayamba kutsanzika. Lole inaliza hutala pa mphambano. Namwino uja anandisiyira nambala yake papepala. Ngolo zinatembenuka, a kabaza anatenga omaliza, eni migolo anabwera kudzagubuduza migolo yawo. Dzuwa likufiira, pabwalo panangotsala phulusa, njerwa zakuda ndi udzu wopondedwa. Amalume ndi amuna anga anapita kukaperekeza alendo a ku esiteti. Amayi a kumpingo anati akaone kunyumba, abweranso kudzagona nane.

Ndinalowa m'nyumba ndekha. Mphasa zinali zitapindidwa nkuimikidwa pakona, ndipo pamene panali bokosi panangotsala mizere inayi ya miyendo ya mipando. Kuzizira kunali kutayambanso. Ndinakhala pansi nkutambalala, thupi lonse likuphwanya, m'makutu mukumvekabe nyimbo.

Panja munthu ankatsukabe mapoto. Ataleka ndinamva odi wapansipansi. Anali make Limbani. Anaima pakhomo kwa kanthawi, ngati akudikira kuti ndimubweze. Ndinamuuza kuti alowe. Anavula masilipasi, nakhala pafupi ndi chitseko. M'manja anali ndi mbatata ziwiri zimene anakwirira m'phulusa la moto wophikira uja. Anandifunsa ngati ndadyako kanthu lero. Ndinaganizaganiza, ndinapeza kuti chiyambire Lachiwiri sindinalawe chilichonse koma madzi.

Anapumuntha phulusa, anasenda mbatata imodzi ndi zikhadabo, akuiuzira chifukwa inali yotentha, naibenthula pakati. Anandipatsa mbali yaikuluyo. Tinadya awiriwiri, chitseko chili chotsegula, tikuyang'ana ng'ombe za eni zikubwerera kumudzi.